Walira Mvula, Walira Matope

Kwathu ku Salima, m'mbali mwa nyanja, kunenepa ndi nkhani yabwino. Munthu akabwera kuchokera ku Lilongwe masaya atatuluka, anthu amamulonjera mwansangala kuti, "Koma ndiye mwanenepatu, zikukuyenderani!" Koma pali kunenepa kwina kumene sikuchokera m'mbale. Kumachokera m'timapiritsi toyera ta kuchipatala, ndipo mwini thupi sakupempha. M'banja mwathu takuona kunenepa kotereku. Kwatiphunzitsa kuti mankhwala amphamvu amalipiritsa kawiri: koyamba ndi ndalama, kachiwiri ndi thupi la womwayo. Mtengo wachiwiriwu ndi umene tikufuna tikambirane nanu.

Mng'ono wathu, mzime wa m'nyumba mwathu, anali ndi zaka 15 pamene anayamba kutuluka mikwingwirima m'miyendo popanda womumenya. Kenaka kunabwera kamfuno wovuta kuleka, nkhama zotuluka magazi potsuka mkamwa, ndi timadontho tofiira m'misongolo ngati walumidwa ndi utitiri. Atakhala kumwezi masiku 12 magazi osaleka, amayi anamutenga kupita naye kuchipatala cha boma. Kumeneko anapeza kuti mapulateleti ake ndi ochepa kwambiri.

Amene tinaphunzira Biology kusekondale tikukumbukira kuti m'magazi muli maselo ofiira, maselo oyera, ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa mapulateleti. Timeneti ndi timene timathamangira pabala n'kugwirana kuti magazi aundane. Timapangidwa m'kati mwa mafupa ndipo timakhala moyo masiku 7 mpaka 10. Munthu wabwinobwino amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kochepetsetsa kamene amawerengera. Mng'ono wathu anali nato 8,000.

Kunyanja kuno zinthu zotsitsa mapulateleti n'zambiri, choncho madokotala sathamangira kutchula dzina la matenda. Malungo amatsitsa. Kachilombo ka HIV kamatsitsa. Matenda ena a chiwindi amatsitsa, ngakhalenso likodzo la m'matumbo likatupitsa kapamba. Zonsezi anamuyeza osapeza kanthu. Atatitumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndi pamene tinamva koyamba zilembo zitatu izi: ITP.

Matendawa amayamba pamene asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, asokonezeka n'kuyamba kuona mapulateleti ngati adani. Amawaika chizindikiro, ndipo kapamba, chiwalo chimene chili kumanzere kunsi kwa nthiti, amawachotsa m'magazi nthawi yawo isanakwane. Zimenezi zinatsimikizika mu 1950, pamene dokotala wachinyamata wa ku St. Louis ku America, William Harrington, anadzithira dala magazi a munthu wodwala matendawa. Patangopita maola ochepa mapulateleti ake anatsika koopsa, ndipo anabwerera mwakale patatha masiku angapo. Anthu anadziwa tsopano kuti chowononga chili m'magazi momwemo. Koma ITP sipatsirana pokhalira limodzi kapena kudyera mbale imodzi, ndipo si ufiti, ngakhale kuti mikwingwirima yodzuka nayo m'mawa imayambitsa manong'onong'o m'mudzi.

Popeza wolakwa ndi msilikali wa mwini thupi, mankhwala ambiri a matendawa amagwira ntchito pofooketsa asilikaliwo. Vuto lonse lagona pamenepa. Simungamange manja mlonda amene akumenya ana a m'nyumba popanda kusiya khomo losalondera.

Mankhwala oyamba anali prednisolone, mapiritsi asanu ndi anayi m'mawa uliwonse atamwa phala. Patatha sabata imodzi mapulateleti anafika 60,000, kamfuno analeka, ndipo m'nyumba munabwerera kuseka. Sabata yachitatu matope a mvula ija anayamba kuoneka. Njala yake inali yodabwitsa: amadya mitanda itatu ya nsima, pakati pa usiku n'kudzukanso kukafuna mkute. Tulo tinathawa. Mwana wofatsa uja anayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kenaka n'kulira osadziwa chimene akulirira. Nkhope inazungulira ngati mwezi wathunthu, ziphuphu zinadzaza pamphumi, mimba inakula pamene miyendo inali kuwonda ndi kufooka, moti kudzuka pamkeka kunkafuna kugwirira khoma.

Zimenezi ndi zooneka ndi maso. Adokotala anatichenjeza kuti zosaonekazo ndi zimene amaziopa kwambiri. Prednisolone amakweza shuga m'magazi ndiponso BP. Amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, makamaka akaphatikizidwa ndi mankhwala ena opha ululu. Akamwedwa miyezi yambiri amafewetsa mafupa, amabweretsa ng'ala m'maso, ndipo mwana amene akukula amatha kupinimbira. Choopsa koposa n'chakuti amatsegulira khomo matenda ena. TB imene inangogona m'thupi imatha kudzuka, ndipo chifukwa mankhwalawa amabisa kutentha thupi, munthu angathe kudwala kwambiri akuoneka ngati ali bwino. Kunyumba tinachepetsa mchere ndi shuga, tinachulukitsa masamba, ndipo usipa wodya ndi minga yomwe unakhala ndiwo ya pafupipafupi chifukwa umalimbitsa mafupa.

Koma chimene chinamupweteka kwambiri mng'ono wathu si chimene chinalembedwa pa kapepala ka mankhwala. Anali malilime a anthu. Mtsikana wa zaka 15 akanenepa mwadzidzidzi, nkhope itatupa, n'kumapitapita ku Lilongwe ndi amayi ake, anthu amawerengera okha. Kuchigayo kunamveka kuti ali ndi pakati. Ena anati wayamba ma ARV. Kusukulu anzake anamupatsa dzina loti Mwezi. Tsiku lina amayi akuchapa anapeza mapiritsi a masiku awiri atakulungidwa m'kapepala m'thumba la yunifolomu yake.

"Mwanangu, ichi n'chiyani?"

"Amayi, kuli bwino ndizituluka kamfuno. Kamfuno anthu samuona."

Amayi sanamukalipire. Anamuveka juzi n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anachita bwino. Adokotala anafotokoza kuti pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga mankhwala achilengedwe ofanana ndi prednisolone, amene thupi silingakhale popanda iwo. Munthu akamwa mapiritsiwa kwa masabata angapo, tiziwaloti timagona chifukwa ntchito yake ikugwiridwa ndi wina. Akasiya mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda kanthu: munthu amafooka, amasanza, BP imagwa, ndipo angathe kufa. N'chifukwa chake amatsitsa pang'onopang'ono, kuti tiziwalo tija tidzuke. Mawu amenewa tikuwalemba mwadala kwa ife a mumpingo. Tipempherere odwala athu, inde, koma wouza munthu amene akumwa prednisolone kuti ataye mapiritsi lero lomwe posonyeza chikhulupiriro akumukankhira kumanda.

Madokotala nawonso safuna kuti munthu akhalitse pa mankhwalawa. Malangizo amene bungwe la American Society of Hematology linatulutsa mu 2019 amati munthu wamkulu asapitirire masabata 6, ndipo kwa ana amalimbikitsa masiku ochepa chabe, kapena kungoyang'anira osapereka mankhwala ngati mwanayo sakutaya magazi. Ana aang'ono ambiri amachira okha pasanathe chaka. Achinyamata ndi akuluakulu ndi amene matendawa amakonda kuwakakamira. Mng'ono wathu anali m'gulu lachiwirili. Mapiritsi atatha, mapulateleti anatsikanso kufika 22,000.

Apa m'pamene tinakhala pansi ndi adokotala kumva njira zina zimene zilipo. Aliyense wa mankhwalawa anabwera ndi ngongole yake.

Pali mankhwala a m'diripi otchedwa IVIG, opangidwa kuchokera ku magazi a anthu ambirimbiri, amene dokotala wa ana Paul Imbach wa ku Bern ku Switzerland anaonetsa mu 1981 kuti amathandiza pa ITP. Amakweza mapulateleti m'masiku awiri kapena atatu, koma mphamvu yake imatha pakangopita masabata ochepa. Amapweteketsa mutu kwambiri, amatenthetsa thupi, ndipo mwa apo ndi apo amavulaza impso kapena kuundanitsa magazi m'mitsempha. Ndi a nthawi ya ngozi, si ochiritsa. Pali rituximab, amene amapha gulu la maselo oyera lopanga zida zolakwikazo. Amathandiza oposa theka poyamba, koma mwa ambiri matenda amabwereranso pakapita zaka, ndipo amatha kudzutsa kachilombo ka hepatitis B kamene kanagona m'chiwindi, choncho kuyeza kaye n'kofunika. Pali eltrombopag, amene analoledwa ku America mu 2008. Ameneyu sakhudza asilikali, amangolimbikitsa mafupa kupanga mapulateleti ambiri. Koma amafuna kuyeza chiwindi kawirikawiri, amatha kuundanitsa magazi, ndipo sayenera kumwedwa nthawi imodzi ndi mkaka kapena zakudya zina zolimbitsa mafupa chifukwa zimamulepheretsa kulowa m'thupi. Ambiri akamusiya, mapulateleti amagwanso. Mitengo ya mankhwala atatuwa banja logulitsa nsomba ngati lathu silingaifikire.

Otsikirapo mtengo aliponso. Dapsone, amene agogo amamudziwa ngati mankhwala a khate, amathandiza ena, koma amaswa maselo ofiira mwa anthu obadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, limene limapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati kwathu kuno. Azathioprine amachedwa kugwira ntchito, amatsitsa maselo oyera, ndipo naye amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, kutanthauza ndalama za minibasi mwezi ndi mwezi.

Njira yomaliza inali opaleshoni yochotsa kapamba. Maganizo amenewa anayamba ndi wophunzira ngati ife, Paul Kaznelson, amene ankaphunzira udokotala ku Prague mu 1916. Iye anati ngati kapamba ndiye manda a mapulateleti, bwanji osamuchotsa? Mpaka lero njirayi imathandiza pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse kwa zaka zambiri, popanda kumwanso mankhwala a ITP. Amalume, amene anabwera nafe monga mwini mbumba, anaikonda nthawi yomweyo.

"Adokotala, ngati n'choncho chotsani. Mwanayu wavutika mokwanira, ndipo matumba athu aphwa."

Adokotala sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Bambo, kodi mwanayu amagona kuti?"

"Kwathu, kufupi ndi Senga Bay."

"Nanga akatentha thupi 1 koloko usiku, mvula ikugwa, mumafika nthawi yanji kuchipatala?"

Funso limeneli ndi limene linatitsegula maso. Kapamba si manda a mapulateleti okha. Ndi sefa ya magazi. Ndiye amene amagwira maselo ofiira olowedwa ndi tizilombo ta malungo n'kuwachotsa, n'chifukwa chake ana odwaladwala malungo amatupa kapamba. Ndiyenso amene amagwira mabakiteriya ena oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Munthu wopanda kapamba akagwidwa ndi malungo, tizilombo timachuluka msanga ndipo matenda amakula mofulumira. Mabakiteriya aja akalowa m'magazi, munthu amene anadzuka bwino m'mawa angathe kumwalira tsiku lotsatira. Ngoziyi ndi yaikulu m'zaka zoyambirira, koma siitha moyo wonse. Wochotsedwa kapamba amafunika katemera masabata awiri opaleshoni isanachitike, nthawi zambiri mankhwala oteteza a tsiku ndi tsiku, ndipo kutentha thupi kulikonse kwa iye ndi ngozi yothamangira nayo.

Mabuku ambiri onena za ITP analembedwa m'mayiko opanda malungo. Kwa mtsikana wa ku London, kuchotsa kapamba ndi nkhani ina. Kwa mtsikana wa m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, kumene udzudzu suona nyengo, kumene dambo la mpunga lili kuseri kwa nyumba ndipo boma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndi nkhani inanso. Opaleshoni ndi imodzimodzi, koma mtengo wake umasiyana malinga ndi kumene munthu amagona. Ndiponso kapamba akachoka sabwerera. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kudikira chaka chathunthu asanachotse, popeza ena matendawa amazilala okha.

Tinabwerera kunyumba osagwirizana. Amalume ankawerenga ndalama zimene zapita kale, ndipo sankalakwa. Amayi ankawerenga maulendo amene aliyense wa ife wadwala malungo chibadwire. Agogo anafuna kuti apite naye kwa sing'anga akamutemere mphini, ndipo zinatengera amalume omwewo kuwafotokozera mwaulemu kuti lumo pathupi la mwana amene magazi ake saundana ndi ngozi. Pomaliza anafunsidwa mwini wake, amene nthawi yonseyi anangokhala chete pakhonde.

"Amalume, ngati n'kotheka ndidikire. Koma a prednisolone aja ndisabwererenso kwa miyezi."

Tinasankha kudikira. Chimene chinatilimbitsa mtima ndi mfundo imene adokotala anabwereza kangapo: cholinga si kufikitsa nambala pa 150,000 ayi, koma kuti munthu asataye magazi moika moyo pachiswe. Munthu amene ali ndi mapulateleti opitirira 30,000 ndipo sakutuluka magazi nthawi zambiri safunika mankhwala. Kuthamangitsa nambala yokongola ndi mankhwala amphamvu kungavulaze munthu kuposa matenda enieniwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisanamizane, kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake. Ngozi yaikulu ya ITP ndi kutayikira kwa magazi mu ubongo. Sizichitikachitika, koma zimachitika, ndipo banja lililonse lokhala ndi wodwalayu limagona ndi khutu limodzi lotsegula. Tonse m'nyumba tinaloweza zizindikiro zothamangira kuchipatala: mutu waukulu wosazolowereka, kusanza, kusokonezeka, chimbudzi chakuda ngati phula, matuza a magazi mkamwa, kapena kamfuno wopitirira theka la ola. Netiboli anasiya. Pa kabaza wa njinga yamoto sakwera wopanda chipewa. Aspirin, brufen ndi indocid, amene anthu amangogula pa okala mutu ukawawa, kwa iye ndi oletsedwa chifukwa amafooketsa mapulateleti ochepa otsalawo. Amamwa panado basi. Asanazulidwe dzino kapena kubayidwa jakisoni wa m'thako, amayamba waonetsa buku lake la kuchipatala.

Pa masiku a kumwezi anamupatsa tranexamic acid, amene amathandiza kuti magazi oundana asasungunuke msanga, ndi mapiritsi owonjezera magazi. Ngakhale amenewa ali ndi chenjezo lake logwirizana ndi kwathu: munthu amene akukodza magazi sayenera kumwa tranexamic acid mwachisawawa, chifukwa magazi angaundane n'kutseka njira ya mkodzo. Kunyanja kukodza magazi kawirikawiri ndi likodzo. Choncho mwana wobadwira pamchenga uja anasiya kusamba ndi kuchapa m'nyanja, ndipo neti yake ndi imene timayamba kuiyang'ana ngati yabooka.

Ena atifunsa kuti, bwanji osangomuthira mapulateleti a munthu wina? Yankho n'lakuti asilikali osokonezeka aja amawononga achilendowo m'maola ochepa, choncho amathira pokhapokha munthu akutaya magazi moopsa, kuti apeze mpata wopulumutsa moyo. Koma tsiku limenelo likafika amafunika apezeke, ndipo mapulateleti sasungika kupitirira masiku asanu kapena kuposerapo pang'ono. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira, ndipo magazi amasowa sukulu zikatsekera. Galimoto yawo ikadzafika pano pakoleji, kumbukirani kuti thumba limodzi limene mungapereke lingakhale la mwana wa munthu wina amene akutaya magazi usiku umenewo.

Kwa anzathu amene tikuphunzira zauphunzitsi, nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. M'kalasi ya ana 80 mudzakhala mwana wonenepa mwadzidzidzi, wogona m'kalasi chifukwa usiku sanagone, wopsa mtima msanga, kapena wojomba Lachiwiri lililonse loyamba la mwezi. Prednisolone samwedwa pa ITP pokha. Amaperekedwanso kwa ana a mphumu, a matenda a impso ndi a nyamakazi. Mwana wa mikwingwirima mwina akumenyedwa kunyumba, ndipo tiyenera kufufuza, koma mwinanso magazi ake ndi amene akudwala. Kwa mwana wotere chikwapu chimodzi kapena khofi wa pamutu si chilango chaching'ono. Mphunzitsi wina wamkazi wa pasukulu ya mng'ono wathu anamuitana payekha, anamufunsa, kenaka mwa chilolezo chake anafotokozera kalasi yonse za mapulateleti pa phunziro la Biology. Dzina lija la Mwezi linafera pomwepo. Phunziro la mphindi 40 linachita zimene mapiritsi sakanatha.

Ndipo kwa aliyense amene adzaperekeze m'bale wake kuchipatala, pa matenda awa kapena ena, safunsa anadya phula. Ife tinaphunzira kufunsa mafunso anayi tisanalandire mankhwala atsopano. Kodi mankhwalawa achita chiyani chabwino, ndipo tiona liti? Awononga chiyani, ndipo chizindikiro chake n'chotani? Amwa mpaka liti, ndipo adzasiya bwanji? Nanga tikapanda kuchita kanthu, chingachitike n'chiyani? Madokotala amene takumana nawo sanakhumudwe ndi mafunsowa. Ambiri anakoka mpando n'kufotokoza.

Tsopano papita chaka ndi miyezi inayi. Mapulateleti a mng'ono wathu amasewera pakati pa 40,000 ndi 70,000 popanda mankhwala a tsiku ndi tsiku. Anatsika kamodzi atadwala malungo mu February, anagonekedwa masiku atatu, n'kukweranso. Kapamba wake akadali m'malo mwake, ndipo nkhani ya opaleshoni sinatsekedwe, yangoikidwa pambali. Amalume amafunsabe nambala mwezi uliwonse pafoni. Mwini wake ali Fomu 3, ndipo kumapeto kwa kope lake la Biology kuli tsamba limene amalembapo mafunso okafunsa adokotala ulendo wotsatira. Titapita kutchuthi tinaliona. Funso loyamba linali lakuti, "Kodi ndingayambirenso netiboli ndikafika pa nambala iti?"